Kuteteza bokosi la NAS losungiramo mafayilo a pakhomo kuno ku Joni

M'nyumba zambiri za Amalawi ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville kapena Cosmo City simulinso kompyuta imodzi yokha. Pali laputopu ya bambo ya ku ntchito, ya mwana wa ku koleji, mwinanso ya alamu amene akuthamanga ndi ma CV. Zambiri zimene zili m'makinawa sizigulika pa shopu: masikani a pasipoti ndi pemiti, satifiketi ya MSCE, ma payslip, malisiti a ndalama zotumizidwa kumudzi, pulani ya nyumba imene ikumangidwa ku Mzimba kapena ku Mangochi, zithunzi za chinkhoswe. N'chifukwa chake ena agula kabokosi kotchedwa NAS, kokhala ndi madisiki awiri kapena anayi, kamene kamalumikizidwa ku rauta ndi chingwe kuti kompyuta iliyonse pakhomo izikoperako mafayilo ake.

Maganizowa ndi abwino. Chimene chimaiwalika n'choti foda imene laputopu yanu ikutha kulembamo ndi kufufutamo, vayirasi imene yalowa mu laputopuyo nayonso ikutha kuchita chimodzimodzi. Ransomware, vayirasi yotseka mafayilo n'kuitanitsa dipo, siithera pa disiki ya kompyuta. Imalondola foda iliyonse ya pa netiweki imene kompyutayo ili ndi chilolezo cholowamo. Choncho malangizo onsewa atsamira pa mfundo imodzi: kompyuta ikhale ndi mphamvu yosungitsa za lero, koma isakhale ndi mphamvu yowononga zimene idasungitsa dzulo.

Mayina a menyu amene titchule ndi a DSM 7, pulogalamu yoyendetsa mabokosi a kampani ya Synology. Pa mabokosi a makampani a QNAP ndi Asustor zambiri ndi zofanana, kungoti malo odina amasiyana.

Madisiki ndi magetsi

Werengani kukula kwa mafayilo a makompyuta onse, kenako muchulukitse kawiri. Ngati onse pamodzi akufika 1.5TB, gulani madisiki awiri a 4TB n'kuwaika pa RAID 1 kapena SHR, kutanthauza kuti disiki yachiwiri izikhala ndi zonse zili pa yoyamba. Malo amene muwaone ndi pafupifupi 3.6TB. Sankhani madisiki a mtundu wa CMR, monga WD Red Plus kapena Seagate IronWolf. A mtundu wa SMR amachedwa kwambiri pamene bokosi likukopera zonse ku disiki yatsopano ina itafa, ndipo iyi ndi nthawi imene simufuna kuchedwa. Popanga volume (malo osungiramo mafayilo pa madisikiwo) pa Synology, bokosi likakufunsani file system, sankhani Btrfs. Mukasankha ext4 simudzakhala ndi snapshot, njira yosunga mmene foda idalili pa nthawi inayake imene tifotokoze m'munsimu, ndipo kusintha pambuyo pake kumafuna kufufuta zonse n'kuyambiranso. Si bokosi lililonse lotsika mtengo limene lili ndi Btrfs, ndiye funsani musanalipire.

RAID imakupulumutsani disiki imodzi ikafa, basi. Fayilo mukaifufuta imachoka pa madisiki onse awiri nthawi yomweyo, ndipo vayirasi ikaitseka imatsekeka ponse pawiri.

Za magetsi sitingachitire mwina. Ngakhale loadshedding yachepa poyerekeza ndi 2023, zingwe zimabedwabe, ma substation amapsabe, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi bokosi lili pakati polemba, mafayilo amawonongeka. Gulani UPS, kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima, ya 650VA kapena kuposerapo imene ili ndi polowetsa chingwe cha USB kumbuyo. Zina zotsika mtengo zilibe, ndipo zimenezo sizingauze bokosi kuti magetsi apita. Lumikizani chingwecho ku NAS, pitani ku Control Panel, Hardware & Power, UPS, ndipo muike kuti bokosi lisiye kulemba n'kudzitseka pakatha mphindi 5 lili pa batire. Bokosi la madisiki awiri limadya pafupifupi 20W, koma cholinga si choti lipirire maola onse a mdima. Cholinga n'choti lizime mwadongosolo. Pa General chongani kuti lizidziyatsa lokha magetsi akabwera. Batire ya 12V 7Ah ya m'kati mwa UPS imatha m'zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo imafa msanga ngati imapopedwa kawirikawiri. Iyeseni pozula pulagi ya kukhoma masana muli pomwepo.

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mphenzi za ku Highveld zimapha zipangizo zambiri. Chingwe cha fibre sichinyamula magetsi, koma chingwe cha netiweki chamkuwa chimene chadutsa panja kupita ku zipinda za kuseri chimanyamula, ndipo mphenzi ikagunda pafupi imatha kulowera pamenepo mpaka ku rauta ndi ku bokosi. Ikani surge protector ya chingwe cha netiweki, kapena muzichizula mitambo ikayamba kuda.

Maakaunti

Pangani akaunti yatsopano ya woyang'anira ku User & Group, ya dzina losaganizirika, muiike m'gulu la administrators. Lowaninso ndi akaunti imeneyo, kenako muthimitse admin ndi guest. Mapulogalamu a akuba amene amayesa mapasiwedi usiku ndi usana amayamba ndi dzina la admin, ndiye likakhala lothimitsidwa mwawachotsera theka la ntchito imene amadalira.

Pasiwedi ya woyang'anira ikhale ya zilembo zosachepera 16. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, osakaniza Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao ndi manambala, ndi osavuta kukumbukira koma ovuta kuwalota. Dzina la mwana, la mudzi wanu, la timu imene mumachemerera kapena nambala ya pasipoti ayi, chifukwa zimenezi zili pa Facebook kapena m'mafayilo omwewo. Yatsani 2FA, yofuna nambala ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi, pa akauntiyi pogwiritsa ntchito Google Authenticator kapena pulogalamu ina yotere, ndipo muike imelo yolandirira nambala yapangozi, poti foni kuno imatha kutsomphoredwa pa robot tsiku lililonse. Ku Security, Protection, yatsani Auto Block kuti adiresi imene yalakwitsa pasiwedi kasanu m'mphindi 5 itsekeredwe.

Akaunti ya woyang'anirayi ndi yosinthira settings pa browser basi. Musailembe pamene Windows ikufunsa pasiwedi yotsegulira foda, ndipo musalole browser kuisunga. Kiyi wa kuchipinda sayendera limodzi ndi kiyi wa pageti. Nthawi zambiri anthu amagwa apa: amachita zonse bwino, kenako tsiku lina foda ikakana kutseguka amalemba pasiwedi yaikulu ija n'kuchonga Remember my credentials. Kuyambira pamenepo laputopuyo ili ndi mphamvu pa chilichonse. Ngati mudachitapo zimenezi, tsegulani Credential Manager pa Windows, pitani ku Windows Credentials, fufutani mzere wa bokosilo, kenako musinthe pasiwedi.

Tsekani njira zonse zochokera ku intaneti

Mu Epulo 2021 vayirasi ya Qlocker idalowa m'mabokosi a QNAP n'kutsekera mafayilo a anthu m'mafayilo a 7-Zip okhala ndi pasiwedi. Mu Juni chaka chomwecho eni ake a WD My Book Live adapeza mabokosi awo atafufutidwa ndi anthu a kutali. Kampani idali itasiya kutulutsa ma update a mabokosiwo mu 2015. Mu Januwale 2022 DeadBolt idagwira QNAP, mwezi wotsatira idagwiranso Asustor. Pa zonsezi chofanana n'choti mabokosiwo ankaoneka pa intaneti, ndipo akuba adadzera pa zofooka za pulogalamu ya bokosilo, pamene pasiwedi yaitali siithandiza. Eni ake ambiri sankadziwa n'komwe kuti bokosi lawo likuoneka kunja, chifukwa UPnP imalola chipangizo kudzitsegulira chokha khomo pa rauta osafunsa munthu.

Lowani mu rauta yanu, kawirikawiri pa 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Sinthani pasiwedi imene idabwera nayo. Thimitsani UPnP, WPS ndi Remote Management. Pitani pa Port Forwarding, pena pamalembedwa Virtual Server, mufufute mzere uliwonse woloza ku bokosi, makamaka 5000 ndi 5001 za Synology, 8080 ndi 443 za QNAP, 445 ya mafoda, 22 ya SSH ndi 21 ya FTP. Onetsetsani kuti bokosi silili pa DMZ, ndipo ngati rauta ili ndi IPv6, firewall yake ikhale yoyaka. Pa bokosi penipenipo, onani kuti ku External Access, Router Configuration, kulibe mzere uliwonse, ndipo muthimitse QuickConnect ngati simuigwiritsa ntchito. Pa QNAP pitani ku myQNAPcloud, Auto Router Configuration, muchotse chongi cha UPnP. Pa Synology, ku Terminal & SNMP thimitsani SSH ndi Telnet.

Tsopano yesani. Muli pa Wi-Fi ya pakhomo, funsani Google kuti IP yanu, adiresi yanu ya pa intaneti, ndi chiyani, mulembe nambalayo. Thimitsani Wi-Fi pa foni, yatsani data, mulembe nambalayo mu browser ndi :5001 kumapeto, kenako :5000, kenako :8080. Tsamba lolowera likatuluka ndiye kuti khomo likadali lotsegula. Amene ali pa LTE kapena 5G kawirikawiri amagawana adiresi imodzi ndi makasitomala ena ambiri, zimene zimatseka njira yolowera mwachindunji, koma zimenezi musazidalire. Tsiku limene mudzasamukire pa fibre ya Vumatel kapena Openserve, settings zakale zija zikhoza kukuikani poyera.

Ngati mukufunadi kufikira mafayilo muli ku ntchito kapena muli ku Malawi pa holide, ikani Tailscale, pulogalamu yolumikiza zipangizo zanu kudzera pa njira yotetezedwa, pa bokosi ndi pa foni kapena laputopu yanu. Siifuna kutsegula khomo (port) lililonse pa rauta, ndipo zipangizo zimene zili pa akaunti yanu zokha ndi zimene zimaonana. Akaunti ya Google kapena Microsoft imene mulowere nayo ikhale ndi 2FA, chifukwa tsopano imeneyo ndiye khomo.

Wi-Fi ya pa yadi

Ili ndi vuto limene mabuku a mabokosiwa salitchula koma kuno lili paliponse. Yadi imodzi, rauta imodzi, mabanja anayi kapena asanu kusonkherana ya mwezi, ndipo pasiwedi ya Wi-Fi ikudziwika ndi alendi amene adasamuka chaka chatha komanso anzawo a ana. Chipangizo chilichonse chimene chili pa Wi-Fi imeneyo chikuona bokosi lanu. Nkhani si yoganizira anansi zoipa. Laputopu ya mnansi wokhulupirika ikhoza kukhala ndi vayirasi iye osadziwa.

Ngati rauta ndi yanu, yatsani Guest Network, muthimitse chilolezo choti alendo afikire netiweki ya m'nyumba, mupereke pasiwedi ya guest kwa ena onse, kenako musinthe ya Wi-Fi yaikulu, pa WPA2-AES kapena WPA3. Ma TV box ndi makamera otsika mtengo nawonso apite ku guest.

Ngati rauta ndi ya alandilodi, gulani kanu kakang'ono. Kokani chingwe kuchokera pa rauta yawo kulowa pa WAN ya kanu, mukapatse maadiresi osiyana ndi awo, mwachitsanzo 192.168.50.1, ndipo bokosi ndi makompyuta anu onse akhale kuseri kwa kanu. Inu muzifika pa intaneti, koma a pa yadi sangafike kwa inu. Mukabaya chingwecho pa LAN m'malo mwa WAN, mwalumikiza manetiweki awiriwo kukhala imodzi ndipo simunateteze kanthu.

Patsani bokosi adiresi yosasintha pa DHCP Reservation ya rauta, monga 192.168.50.10. Kenako ku Security, Firewall, lembani lamulo loyamba lololeza subnet 192.168.50.0 ya mask 255.255.255.0, ndipo lachiwiri lokana ena onse. Lololeza likhale pamwamba, chifukwa bokosi limawerenga kuchokera pamwamba n'kuima pa lamulo loyamba logwirizana. Mukamagwiritsa ntchito Tailscale, yesaninso kulowa mukamaliza kulemba malamulowa.

Foda iliyonse ndi mwini wake

Musapange foda imodzi yaikulu yoti aliyense aziponyamo. Kompyuta iliyonse ikhale ndi foda yake ya backup ndi akaunti yake: bk-bambo, bk-mayi, bk-mwana. Akaunti ya bk-mwana ikhale ndi Read/Write pa foda yake yokha, No Access pa zina zonse, ndipo pa Applications muiloleze SMB yokha, njira imene kompyuta imatsegulira mafoda a pa netiweki, osati DSM. Ikani quota, malire a kukula kwake, pa foda iliyonse kuti kompyuta imodzi isadzaze disiki yonse. Laputopu ya mwana ndi imene kawirikawiri imadawunilodiwamo magemu ndi mapulogalamu obedwa. Ikagwidwa, vayirasi ithere pa foda yakeyo. Foda ya zithunzi za banja ikhale Read Only kwa onse, kupatula munthu mmodzi woikamo. Yatsani Recycle Bin pa foda iliyonse, n'kuchonga kuti oyang'anira okha ndi amene aziifikira.

Ku File Services, SMB, Advanced Settings, Minimum ikhale SMB2 ndipo Maximum SMB3. SMB1 ndi imene vayirasi ya WannaCry idadzeramo mu Meyi 2017. TV yakale kapena printa ikakana kulumikizana popanda SMB1, musagonjere; ipezereni njira ina. Thimitsani AFP, NFS ndi FTP ngati simukuzigwiritsa ntchito. Dziwaninso kuti Windows 11 Pro ya 24H2 imakana kulowa m'mafoda opanda pasiwedi. Pa intaneti mupeza malangizo ochotsera chitetezo chimenechi, koma yankho loyenera ndi kupanga akaunti monga tafotokozamu.

Foda ya backup musaipatse chilembo ngati Z: pa Windows. Chilembo chotere ransomware imachiona ngati disiki ina ya kompyutayo ndipo imayambira pomwepo. M'malo mwake lembani adiresi ya foda ndi pasiwedi yake m'kati mwa pulogalamu ya backup yokha. Veeam Agent for Microsoft Windows ili ndi mtundu waulere umene umachita zimenezi, ndipo imatha kukopera kompyuta yonse kuti disiki ikafa mubwezeretse zonse ndi ka flash kake koyatsira. File History ya Windows ndi yosavuta, koma imayenda ndi chilolezo cha munthu amene walowa mu kompyuta, kutanthauza kuti vayirasi nayo ifikako. Pa Mac, Time Machine imagwira bwino pa SMB. Ipatseni foda yake, quota yake, ndipo muchonge Encrypt. Ngati bokosi lanu ndi la Synology la gulu la Plus, Active Backup for Business ndi yabwino kuposa zonsezi, poti kompyuta siikhala ndi foda yoilembamo mwachindunji, ndipo zakale zimafufutidwa kuchokera pa bokosi pokha.

Kukopera koyamba chitani pa chingwe. Pa gigabit, 500GB imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Pa Wi-Fi yodutsa makoma awiri ikhoza kuchezera usiku wonse n'kudukira panjira.

Snapshot

Zonse tanenazi zimachepetsa mpata, koma chimene chimakwaniritsa mfundo yathu ija ndi snapshot. Bokosi limasunga mmene foda idalili pa ola lakutilakuti, ndipo kompyuta yolowa kudzera pa SMB siingasinthe kapena kufufuta zimenezo ngakhale ili ndi Read/Write pa fodayo. Vayirasi ikatseka mafayilo onse Lachitatu masana, snapshot ya Lachitatu m'mawa ili chikhalire. Siidya malo ambiri, chifukwa poyamba siikopera kanthu. Malo amayamba kudyeka pokhapokha fayilo ikasinthidwa kapena kufufutidwa, pamene bokosi limasunga zidutswa zakalezo.

Ikani Snapshot Replication kuchokera ku Package Center. Pa Snapshots sankhani foda, dinani Settings, ndipo pa Schedule muike nthawi. Mafoda a backup ajambulidwe kamodzi patsiku, ola limodzi kapena awiri backup ya usiku itatha. Foda ya zikalata za ntchito ijambulidwe ola lililonse. Pa Retention sungani za tsiku ndi tsiku 14, za sabata ndi sabata 8, za mwezi ndi mwezi 6. Ena amasunga za masiku atatu okha pofuna kusunga malo. Taganizirani Disembala: mwakwera basi ku Park Station, mwakhala kumudzi masabata anayi, ndipo kompyuta imene mudasiya ndi achimwene idagwidwa sabata yoyamba. Pobwera mupeza snapshot zonse zitatu zili ndi mafayilo otsekedwa kale, zabwino zija zidafufutika zokha.

Kuyambira DSM 7.2 ya 2023, mabokosi ena ali ndi Immutable snapshots, zimene ngakhale woyang'anira sangazifufute mpaka masiku amene mudaika atakwana. Ngati lanu lili nazo, chongani ndipo muike masiku 7 mpaka 14. Zimenezi zimakutetezani ngakhale wakuba atapeza pasiwedi yaikulu. Muzisiya malo osachepera 20 peresenti ya volume ali opanda kanthu, chifukwa ransomware ikasintha mafayilo onse nthawi imodzi bokosi limasunga akale ndi atsopano omwe, ndipo disiki ikhoza kudzaza. Mukaona malo akutha mwadzidzidzi popanda chifukwa, fufuzani tsiku lomwelo.

Kopi ya kunja kwa nyumba

Snapshot ili pa madisiki omwewo, m'bokosi lomwelo. Moto, mphenzi kapena wothyola nyumba amatenga zonse pamodzi. Lamulo lodziwika la 3-2-1 limati makopi atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, imodzi ili kwina. Kompyuta ndi yoyamba, bokosi ndi yachiwiri, yachitatu ndi imene ambiri alibe.

Njira yotsika mtengo ndi madisiki awiri a USB. Ikani Hyper Backup, pangani ntchito yokopera ku disiki iliyonse, yatsani client-side encryption, yotseka mafayilo ndi pasiwedi asanapite ku disiki, ndi backup rotation. Bayani disiki yoyamba, dikirani imalize, dinani Eject, muizule n'kupita nayo ku ntchito kapena kwa wachibale wokhala dera lina, ku Tembisa kaya ku Pretoria. Pakatha masabata awiri musinthanitse ndi yachiwiri. Madisiki awiriwa asakumane m'nyumba imodzi kupitirira tsiku losinthanalo. Disiki imene imangokhala yobayidwa kumbuyo kwa bokosi chaka chonse siiwerengedwa kuti ili kunja. Hyper Backup ikupatsani fayilo ya kiyi. Isungeni pa flash ina, ndipo pasiwedi yake muilembe papepala n'kuisunga pamodzi ndi pasipoti. Mukataya zonse ziwiri palibe wa shopu amene angakutsegulireni.

Zikalata zofunika kwambiri, zimene kawirikawiri sizipitirira 20GB kapena 50GB, zitumizeninso ku malo osungira mafayilo pa intaneti a Backblaze B2 kapena Synology C2, zotsekedwa kale zisanatuluke m'nyumba. Malipiro ake amawerengedwa m'ndalama zakunja, ndiye sankhani mafoda mosamala. Werengeraninso nthawi: pa layini yotumiza 20Mbps, 500GB imatenga maola pafupifupi 56 osaima, pamene 20GB imatha m'maola awiri ndi mphindi zochepa. Google Drive ndi OneDrive zimangotsatira zimene zachitika pa kompyuta. Mukafufuta kuno zimafufutikanso uko, ndipo pa akaunti wamba bini yake imasunga masiku 30 okha.

Amene mumasunga maina, manambala a ID kapena maadiresi a makasitomala, kaya ndinu a mtengatenga wa katundu wopita ku Malawi kaya a saluni, dziwani kuti POPIA, lamulo la ku South Africa loteteza zinsinsi za anthu, lakhala likugwira ntchito mokwanira kuyambira pa 1 Julayi 2021. Limafuna kuti zinthu zotere muziteteze, ndipo zikafika m'manja olakwika mudziwitse eni ake ndi Information Regulator. Mafayilo a bizinesi akhale m'foda yawoyawo, imene ana ndi alendo sangaione.

Munthu akaligwira ndi manja

Kumbuyo kwa bokosi la Synology kuli kabowo ka Reset. Munthu akakadina masekondi anayi mpaka kulira, akaunti ya admin imatsegukanso mafayilo osafufutika. Komanso madisiki ake amawerengeka pa kompyuta ya Linux. Choncho bokosi lisakhale pa TV stand pa balaza. Liikeni m'kabati yokhoma koma yopita mphepo, kutali ndi zenera. Foda ya mapasipoti ndi za kubanki muipange ndi encryption, ndipo kiyi wake musamusunge m'bokosi lomwelo. Vuto lake n'loti bokosi likazima n'kuyakanso, fodayo imakhala yotseka mpaka mutailembera pasiwedi, ndipo backup yolozera kumeneko imalephera mwakachetechete. N'chifukwa chake ife timati encryption ya bokosi ikhale pa foda ya zikalata yokha, pamene mafoda a makompyuta atsekedwe ndi pulogalamu ya backup yomweyo, monga zimachitira Time Machine, restic kapena Duplicati.

Kamodzi pamwezi

Ku Notification ikani imelo imene mumaiwerengadi, mutumize uthenga woyesera. Ku Update & Restore lolani ma update ofunika kulowa okha. Bokosi limene kampani idasiya kulitulutsira ma update, kuphatikizapo ambiri a kaunjika amene amagulitsidwa motchipa pa Facebook Marketplace, lisafike pa intaneti m'njira iliyonse. Mu Storage Manager ikani S.M.A.R.T., yoyeza thanzi la disiki, yaifupi sabata iliyonse, yaitali mwezi uliwonse, ndi Data Scrubbing miyezi itatu iliyonse. Nambala ya reallocated kapena pending sectors, zigawo zowonongeka za disiki, ikayamba kukwera, gulani disiki ina isanafe.

Kenako bwezeretsani chinachake. Sankhani fayilo imodzi ya mwezi watha, muitenge mu snapshot, muitengenso mu disiki ya USB, muitsegule n'kuona kuti ikuwerengeka. Onaninso deti la backup yomaliza ya kompyuta iliyonse. Laputopu imene imakhala yotseka usiku siikopera kanthu pa 2 koloko m'bandakucha, ndipo imatha miyezi itatu chonchi munthu osazindikira. Isinthireni nthawi ikhale ya madzulo pamene imakhala yoyaka.

Zikachitika

Mukaona mafayilo asintha maina, akukana kutseguka, kapena patuluka kalata yoitanitsa Bitcoin, zulani chingwe cha netiweki ndi kuthimitsa Wi-Fi pa kompyuta imeneyo nthawi yomweyo. Zulaninso chingwe cha intaneti pa rauta. Disiki ya USB ya kunja ija musaibaye kulikonse. Lowani mu bokosi ndi chipangizo china chimene mukutsimikiza kuti chili bwino, muthimitse akaunti ya kompyuta yogwidwayo, muimitse ndandanda ya Hyper Backup, ndipo mudine Lock pa snapshot zabwino kuti zisafufutike zokha. Sinthani pasiwedi ya woyang'anira, muone mu Log Center amene adalowa ndi nthawi yake.

Jambulani kalatayo ndi foni, musunge mafayilo angapo otsekedwawo. Tsamba la No More Ransom, limene Europol ndi apolisi a ku Netherlands adakhazikitsa ndi anzawo mu 2016, lili ndi zotsegulira zaulere za mitundu ina ya mavayirasiwa. Kulipira dipo sikutsimikizira kuti mulandira kiyi. Kompyuta yogwidwayo ifufuteni yonse n'kuikamo Windows yatsopano. Kungoisesa ndi antivirus sikokwanira. Pobwezeretsa, pitani ku Recovery mu Snapshot Replication, sankhani snapshot ya tsiku vuto lisanayambe, ndipo musankhe Clone with a new name m'malo molemba pamwamba pa foda yowonongekayo. Tsegulani mafayilo khumi kapena makumi awiri a m'mafoda osiyanasiyana. Akakhala bwino, pangani akaunti yatsopano ya backup ya kompyutayo ndi pasiwedi yatsopano, kenako mubwezere chingwe cha intaneti.